Bokosi la subwoofer ya m'galimoto likamavuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi kakonzedwe kake

Amisiri oika zoimbira m'magalimoto amalandira dandaulo limodzimodzi chaka ndi chaka. Mwini galimoto wagula subwoofer (sipika yotulutsa besi) yabwino ndi ampulifaya yamphamvu, wapempha kalipentala kuti amukhomere bokosi, koma pakutha pa miyezi yochepa besi yayamba kumveka yosweka, yofooka kapena yosakanikirana ndi phokoso lachilendo. Ambiri amathamangira kukagula sipika ina, pamene sipikayo ilibe mlandu, chifukwa vuto lagona pa thabwa limene linasankhidwa, pa guluu, kapena pa timipata tosaoneka m'molumikizira. Subwoofer imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ntchito ya bokosi ndi kuletsa mpweya wakumbuyo kukumana ndi wakutsogolo popanda bokosilo kupindika kapena kutaya mpweya. Bokosi likalephera ntchito imeneyi, sipika yatsopano idzalira chimodzimodzi ndi yakale.

Musanayambe kufufuza, imitsani galimoto pamalo achete, tulutsani katundu yense wa m'buti, ndipo m'malo mwa nyimbo gwiritsani ntchito liwu limodzi loyesera la pakati pa 30 ndi 60 Hz, limene mapulogalamu ambiri a pafoni amatulutsa. Nyimbo imabisa zolakwika, koma liwu limodzi losasintha limaziulula. Voliyumu ikhale yotsika ndipo musaliyimbe nthawi yaitali, poti liwu lotere limatenthetsa koyilo ya sipika msanga kuposa nyimbo. Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zalembedwa kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri kufikira chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

## Bokosi likunjenjemera kapena kulira lokha besi ikagunda

Ili ndilo vuto lofala kwambiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse limachokera pa kasankhidwe ka thabwa.

1. Thabwa ndi lopyapyala. Ikani chikhatho pakati pa khoma lalikulu la bokosi pamene liwu loyesera likumveka. Ngati khomalo likukankha dzanja lanu, ndiye kuti likupindika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mphamvu imene inayenera kukhala besi ikuthera m'thabwa. Pa sipika ya mainchesi 10 kapena 12, thabwa lisachepere mamilimita 18. Thabwa la mamilimita 12 limakwanira pa kabokosi ka sipika ya mainchesi 8 basi.
2. Mulibe michirikizo m'kati. Ngakhale thabwa la mamilimita 18 limapindika khoma likakhala lalikulu, makamaka likapitirira masentimita 40 m'litali ndi m'lifupi momwe popanda choligwira pakati.
3. Mtundu wa thabwa ndi wosayenera. Chipboard ndi blockboard ndi zotsika mtengo ndipo zimapezeka mosavuta, n'chifukwa chake akalipentala ambiri amazikonda, koma zinapangidwira makabati ndi matebulo.
4. Waya wa m'kati akugunda khoma kapena kumbuyo kwa pepala la sipika.
5. Phokosolo si la bokosi konse, koma la nambalapuleti, chitseko cha buti, jeke kapena zipangizo zimene zili pa tayala la sipeya.

Yambani ndi chachisanucho ngakhale chili kumapeto, chifukwa kuchiyesa sikulira ndalama: wina agwire nambalapuleti ndi chitseko cha buti, inu mukumvetsera. Phokoso likapitirira, bwererani ku bokosi.

Nkhani ya mtundu wa thabwa ndiyofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi imene imasiyanitsa bokosi lokonzeka ndi loyenera kulitaya. MDF imapangidwa ndi ulusi wa mtengo wosalala kwambiri umene amauphatikiza ndi guluu n'kuupanikiza, kotero kuti kulemera ndi kulimba kwake n'kofanana paliponse, ilibe mfundo kapena mphako, ndipo mukaigogoda ndi chala imamveka yogontha. Kugontha kumeneko ndiko kumafunika, ndipo n'chifukwa chake mabokosi ambiri a m'mafakitale ndi a MDF. Plywood yabwino, monga ya mtengo wa birch yokhala ndi magawo ambiri opyapyala, ndi yolimba kuposa MDF, yopepukirapo, ndipo imagwira masikuluu bwino, koma ndi yodula komanso siipezeka paliponse. Plywood wamba yomangira nyumba ndi nkhani ina. Mukayang'ana m'mphepete mwake mudzaona timphako pakati pa magawo, ndipo magawo amene sanamatike bwino amagundana besi ikalira, phokoso lake n'kumamveka ngati sipika yang'ambika. Blockboard ili ndi timatabwa tondandalikidwa m'kati, ndipo pakati pa timatabwato pamatsala mipata. Chipboard ndi tizidutswa tikuluikulu ta mtengo, choncho imafumbutuka m'mphepete ndipo mpweya umatha kudutsa m'malo odulidwa. Matabwa ocheka a paini, monga ochokera ku Chikangawa, ndi abwino kudulamo michirikizo ngati auma bwino, koma sayenera kukhala makoma a bokosi, poti thabwa lachilengedwe limafufuma m'dzinja n'kukhwinyata m'chilimwe, ndipo kusintha kumeneko kumatsegula molumikizira.

Ngati thabwa ndi MDF kapena plywood yabwino koma likupindika, bokosi likhoza kupulumuka. Chotsani sipika, dulani michirikizo yolumikiza makoma oyang'anizana, ndipo muimate ndi guluu wa matabwa musanaimange ndi masikuluu. Mchirikizo wabwino koposa ndi thabwa lathunthu lobooledwa mabowo akuluakulu, limene limagwira makoma anayi nthawi imodzi koma osatchinga mpweya. Khoma lakutsogolo, pamene pamakhala sipika, muliphatikize ndi thabwa lina kuti lifike mamilimita 36 ngati sipikayo ndi ya mainchesi 15 kapena ili ndi maginito olemera. Waya mumumangirire ku mchirikizo. Koma ngati bokosi ndi la chipboard kapena blockboard, m'kuona kwanga kulichirikiza n'kutaya guluu ndi nthawi, ndipo n'kwabwino kukhoma lina.

## Kukumveka kamluzu kapena kufwenthera kwa mpweya

1. Mpweya ukutuluka m'mphepete mwa sipika, chifukwa mphira wa pansi pake watha, kapena chifukwa kapeti inalowa pakati pa sipika ndi thabwa mokwinyika.
2. Molumikizira matabwa munakhomedwa misomali yokha popanda guluu, kapena matabwa sanadulidwe mowongoka.
3. Pamene pamalowera waya anangobowola n'kusiya, kapena anaikapo kachikho kapulasitiki kopyapyala.
4. Pa bokosi lokhala ndi bowo la mpweya, limene amisiri amalitcha port, bowolo ndi laling'ono kapena m'mphepete mwake ndi mwakuthwa.

Kuti mupeze potuluka mpweya, dulani kachidutswa ka pepala lofewa la tishu, mukagwire ndi zala ziwiri, ndipo mukayendetse pang'onopang'ono m'mbali mwa molumikizira monse pamene liwu la 30 Hz likumveka. Pamene pali mpata kapepalako kamayamba kuvina. Musagwiritse ntchito kandulo kapena machesi monga ena amachitira, chifukwa m'buti muli kapeti, guluu ndipo nthawi zina fungo la petulo. Pa bokosi lotseka pali njira inanso: zimitsani zonse, ikani zala mozungulira pakati pa pepala la sipika, ndipo mulikankhe pang'ono mofanana mbali zonse. Bokosi lotsekeka bwino limakana dzanja ndipo pepala limabwerera mwapang'onopang'ono, pamene lodontha mpweya limalola pepala kulowa ndi kubwerera msanga.

Chimene chimagwira bokosi ndi guluu, pamene masikuluu amangopanikiza matabwa kuti guluuyo aume bwino. Guluu woyera wa matabwa, wa mtundu wa PVA, ndi wokwanira pa MDF ndi plywood, koma dziwani kuti m'mphepete mwa MDF mumamwa guluu kwambiri, kotero kuti ndi bwino kupaka kawiri, koyamba kopyapyala n'kudikira pang'ono, kachiwiri kokwanira musanalumikize. Bokosi lokhomedwa kale mulimate m'kati, m'ngodya zonse, ndi silikoni kapena zomatira za polyurethane. Silikoni yambiri yogulitsidwa m'masitolo imatulutsa fungo la viniga pamene ikuuma, ndipo asidi wa m'fungo limenelo angathe kuwononga siponji ya m'mphepete mwa sipika ndi guluu wake, choncho siyani bokosi lotsegula kwa maola osachepera 24, kapena kufikira fungo litatheratu, musanabwezeremo sipika. Pansi pa sipika dulani kapeti kuti chitsulo chigone pa thabwa, ndipo muikepo kalamba ka siponji komata.

Ngati phokoso likuchokera pa port, kumata sikuthandiza. Lamulo limene amisiri ambiri amatsatira ndi lakuti bowo likhale la masikweya inchi 12 mpaka 16 pa malita 28 aliwonse a bokosi. Kusalaza m'mphepete mwa bowo ndi sandipepa kuti mukhale mozungulira kumachepetsa phokoso, koma kukulitsa bowo kumafuna kuti mulitalikitsenso, apo ayi liwu limene bokosi limakonda limakwera. Kusintha kumeneku kumafuna kuwerengera, osati kuyerekeza ndi maso.

## Besi ndi yofooka, kapena ikungogunda liwu limodzi

1. Kukula kwa m'kati mwa bokosi sikukugwirizana ndi sipika.
2. Pa bokosi la masipika awiri, kapena sipika ya makoyilo awiri, waya wina analumikizidwa mosemphanitsa.
3. Bokosi likudontha mpweya, monga tafotokozera pamwambapa.
4. Kutalika kwa port sikukugwirizana ndi kukula kwa bokosi.
5. Makonzedwe a pa ampulifaya ndi olakwika.

Cholakwika chofala pa kukula kwa bokosi n'chakuti anthu amayeza kunja, kuiwala kuti thabwa nalo limadya malo. Tengani bokosi limene kunja kwake ndi masentimita 50 ndi 40 ndi 30. Mukachulukitsa n'kugawa ndi 1,000 mupeza malita 60, koma ngati thabwa ndi la mamilimita 18, m'kati mwake ndi masentimita 46.4 ndi 36.4 ndi 26.4, amene ndi malita 44.6 okha. Pamenepo muchotsenso malo a maginito a sipika, a michirikizo ndi a port ngati ilipo. Bokosi limene mwini wake amaliyesa la malita 60 lingathe kukhala la malita 40 kapena kucheperapo, ndipo aliyense amene wasintha thabwa kuchoka pa mamilimita 12 kupita pa 18 osakulitsa miyezo yakunja wachepetsa bokosi lake osadziwa.

Kukula koyenera kumalembedwa pa pepala lobwera ndi sipika kapena pa tsamba la pa intaneti la kampani yoipanga, nthawi zambiri m'ma cubic feet, ndipo imodzi ndi malita 28.3. Sipika zambiri za mainchesi 12 zimafuna malita apakati pa 28 ndi 40 m'bokosi lotseka, ndipo zimafuna ochulukirapo m'bokosi la port. Manambala ofotokoza kagwiridwe ntchito ka sipika, a Fs, Qts ndi Vas, amene mumawaona pa pepalalo amachokera ku kafukufuku amene Neville Thiele ndi Richard Small anachita ku Australia, ndipo ndi amene mapulogalamu a pakompyuta monga WinISD amagwiritsa ntchito powerengera bokosi ndi port.

Bokosi lotseka likachepa pang'ono, ulusi wa polyester wofanana ndi wa m'mapilo umathandiza, chifukwa umachititsa sipika kugwira ntchito ngati ili m'bokosi lokulirapo. Muike pafupifupi magalamu 450 pa malita 28, momwazika osati mopanikiza, ndipo usatseke kabowo ka kumbuyo kwa maginito kamene kamaziziritsa koyilo. M'bokosi la port ulusi usayandikire bowo la mpweya. Bokosi likakula kwambiri, matani zidutswa za matabwa m'kati kuti zidye malo.

Za mawaya, chotsani waya ku ampulifaya ndipo mugunditse nsonga zake kanthawi kochepa pa batire laling'ono la mavoti 1.5. Masipika onse ayenera kusuntha mbali imodzi. Wina akatuluka pamene mnzake akulowa, besi yawo imafafanizana, ndipo kukonza kwake n'kusinthanitsa mawaya a sipika imodzi.

## Thabwa lafufuma, lafewa kapena lachita nkhungu

Kufooka kwakukulu kwa MDF ndi madzi. Ikanyowa imafufuma kuyambira m'mphepete, ndipo ikauma siibwerera mwakale ndiponso siilimbanso. Kuno kwathu mabokosi ambiri amafa pakati pa Disembala ndi Malichi.

1. Mphira wa chitseko cha buti kapena wa nyali zakumbuyo watha ndipo mvula ikulowa. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amafika mphira wake atauma kale.
2. Madzi akhazikika m'dzenje la tayala la sipeya, ndipo chinyezi chikukwera kudzera m'kapeti.
3. Otsuka galimoto amathira madzi m'buti kapena amabwezera mamati asanaume.
4. M'buti mumanyamulidwa zinthu zodontha, monga nsomba za pa ayezi kapena zigubu za madzi.

Tulutsani bokosi, nyamulani kapeti ya m'buti ndipo muyang'ane pansi pa tayala. Kenako wina athire madzi pa chitseko cha buti chili chotseka, inu muone polowera. Kanikizani m'mphepete mwa bokosi ndi nsonga ya sikuludalaiva: ngati ikulowa mosavuta kapena thabwa likusendeka, khomalo latha ndipo liyenera kusinthidwa. Kufufuma kochepa kwa pangodya imodzi kungathe kuumitsidwa, kusalazidwa ndi kupakidwa resin, mankhwala amadzimadzi amene amauma n'kulimba ngati pulasitiki.

Pa bokosi latsopano, pakani vanishi, penti ya mafuta kapena resin kunja ndi m'kati, makamaka m'mphepete modulidwa, musanakute kapeti, chifukwa kapeti siiteteza thabwa koma imasunga chinyezi. Ikani timiyendo ta mphira kuti bokosi lisagone pansi penipeni. Pa pikiapu, pa minibasi ndi pa galimoto iliyonse imene imanyowa m'kati kawirikawiri, MDF wamba isagwiritsidwe ntchito konse. Pamenepo pamafunika plywood ya marine, imene guluu wake samasuka ndi madzi. MDF yobiriwira imapirira chinyezi cha mumpweya kuposa yawamba, koma nayo siipirira madzi okhazikika. Musanaike bokosi latsopano, tsekani kaye polowera madzi.

## Masikuluu akuzuka kapena thabwa lang'ambika m'mphepete

Choyambitsa chachikulu ndi kulowetsa sikuluu m'mphepete mwa MDF popanda kubowola kaye, zimene zimagawa thabwa pakati. Chachiwiri ndi kumanga mopitirira ndi dirilo yamagetsi mpaka sikuluu ikungozungulira. Chachitatu ndi kuchotsa ndi kubwezera sipika kambirimbiri m'mabowo omwewo, ndipo chachinayi ndi misewu ya mabampu imene imagwedeza sipika yolemera pa khoma lopyapyala.

Bowolani kabowo kocheperako pang'ono poyerekeza ndi sikuluu, musayandikire ngodya kuposa masentimita 5, ndipo mumalizitse kumanga ndi dzanja. Bowo lotha mulitseke ndi kamtengo kopakidwa guluu, kapena mutembenuze sipika pang'ono kuti mubowole malo atsopano. Pa sipika yolemera njira yokhalitsa ndi mabawuti okhala ndi ma T-nut (manati a mano olowa m'mtengo) kumbuyo kwa thabwa.

## Bokosi la fibreglass likupindika kapena silikuuma

Fibreglass, imene ndi magawo a ulusi wa galasi onyowetsedwa ndi resin, imasankhidwa pamene malo ndi ochepa, monga m'magalimoto aang'ono a mtundu wa Toyota Vitz kapena Honda Fit, chifukwa imatsatira maonekedwe a ngodya ya buti kapena dzenje la tayala, komanso ndi yopepuka poyerekeza ndi MDF, imene thabwa lake limodzi la mamita 2.44 ndi 1.22 la mamilimita 18 limalemera pafupifupi makilogalamu 40. Imalimba pamalo okhota koma ndi yofooka pamalo athyathyathya, choncho malo oterowo ndi khoma la sipika azikhala a thabwa. Khoma likamapindika polikankha ndi chala chachikulu, magawo ndi ochepa ndipo muwonjezere ena. Mawanga oyera ndi mpweya umene unatsekeredwa pakati pa magawo, ndipo ayenera kuperedwa ndi kudzazidwanso. Resin ikakhala yomata patapita tsiku, mankhwala oumitsa anachepa kapena sanasakanizidwe bwino. Muyezo wake wamba ndi gawo 1 kapena 2 pa magawo 100 a resin, ndipo nyengo yotentha monga ya Okutobala imafuna muyezo wotsikawo chifukwa resin imauma msanga ndi kutentha kwambiri.

Ntchito imeneyi ichitikire panja, mutavala magolovesi, magalasi ndi chotchinga mphuno choyenera mankhwala. Podula MDF muvalenso chotchinga mphuno, poti fumbi lake ndi losalala kwambiri ndipo guluu wake ali ndi formaldehyde.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zizindikiro zina sizichokera pa thabwa, ndipo kupitiriza kuyesa kungathe kuwononga zipangizo kapena kuyatsa galimoto. Zimitsani zonse ndi kupita kwa katswiri wa zamagetsi a galimoto kapena woika zoimbira mukaona izi:

- Fungo la kupsa kapena utsi kuchokera pa sipika, pa ampulifaya kapena pa waya.
- Fyuzi ikupsa mobwerezabwereza. Musaike yaikulu kuposa yolembedwa ndipo musalowetse waya m'malo mwake. Fyuzi ya waya wamkulu iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45.
- Waya wamkulu akutentha mukamugwira, kapena nyali za galimoto zikuzilala kwambiri besi ikagunda. Injini ikamalira, batire liyenera kuonetsa mavoti apakati pa 13.8 ndi 14.4.
- Pepala la sipika likukhwekhwereza polikankha, zimene zimasonyeza kuti koyilo yapsa kapena yapindika. Sipika ya ma ohm 4 yabwinobwino imaonetsa pang'ono kupitirira 3 pa mita yoyezera.
- Ampulifaya ikudzizimitsa yokha ngakhale mawaya ali bwino.

Itananinso katswiri musanabowole pansi pa buti kuti mumangirire bokosi. Bokosi liyenera kumangiriridwa ndithu, chifukwa katundu wa makilogalamu 25 kapena 30 wongokhala angathe kuvulaza anthu okhala kumbuyo pa ngozi, makamaka m'galimoto imene buti yake ndi yolumikizana ndi mipando. Koma pansi pa chitsulocho pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, ndipo pa magalimoto ambiri thanki ya mafuta ili pafupi pomwepo. Pa magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi, monga Toyota Prius ndi Toyota Aqua, batire lalikulu lili pansi kapena kumbuyo kwa mpando wakumbuyo, mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti opitirira 100 amene angathe kupha munthu, ndipo polowera mpweya woziziritsa batirelo sipayenera kutchingidwa ndi bokosi. Pa galimoto yotere musabowole, musadule ndipo musasunthe waya aliyense, koma mufunse katswiri wodziwa magalimoto a hybrid kuti akusonyezeni pomangirira ndi malo amene bokosi lingakhale.